Malikisi a thiransipota

Pa msewu wa Malibongwe ku Randburg pali kona ina pomwe njinga zamoto zimandandalika ngati ng'ombe za pa dibi, iliyonse ndi bokosi lake kumbuyo. Ambiri mwa eni njingazo ndi akwathu. Ukaimapo mphindi zisanu umamva Chichewa cha ku Mangochi, cha ku Mzimba, cha ku Nkhata Bay, chikusakanikirana ndi kulira kwa mafoni oitanira maoda. Ine ndinafikapo Lachiwiri lina mu Juni, dzuwa lilipo koma mphepo ikudula makutu, podikira kuti wosoka nsapato wa tsidya linalo amalize yanga. Ndinagula tiyi ndi mandasi awiri kwa amayi ena amene amagulitsa pomwepo, n'kukhala pa kireti. Inali itangokwana 3 koloko, maoda atazizira, anyamata akuothera dzuwa.

Nkhani inayambira pa firiji. Mnyamata wina wobwera kumene, jekete yake ikadali yonyezimira, anali atagula firiji yoti atumize kwa mayi ake ku Ntcheu. Anali atamva za thiransipota wina wa lole yoyera, amene amanyamuka Loweruka kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowera pa Dedza.

"Akuluakulu, kodi bambo aja ndi odalirika?"

Mayankho anabwera ngati kwaya. "Alibe vuto." "Munthu wopemphera uja." "Tonsefe timatumiza kwa iwowo."

Mnyamatayo anagwedeza mutu, koma nkhope yake sinamasuke. Amene anayankha mokweza kwambiri anali awiri apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, ndipo pa konapo palibe amene sadziwa kuti thiransipota uja ndi malume awo. Wina wa helemeti yachikasu anangowerama n'kumadina tayala la njinga yake ndi chala, ngati kuti latha mpweya. Amayi a mandasi ankatakasa tiyi wotakasa kale. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo kuno ku Joni mkhatewo ndi waukulu: amene ungamunene lero ndi m'bale wa amene anakupezera chipinda, kapena ndi yemweyo adzayendetse mbale ya chipepeso tsiku lomwe thupi lako lidzafunika kupita kumudzi.

Manthawa si athu okha. Msika wa pa intaneti wa eBay, womwe Pierre Omidyar anayambitsa ku America mu 1995, unayamba kulola ogula ndi ogulitsa kupatsana ndemanga mu 1996, aliyense dzina lake likuonekera. Paul Resnick ndi Richard Zeckhauser atawerenga ndemangazo anapeza kuti pafupifupi 99 pa 100 zilizonse zinali zoyamikira. Si kuti malonda onsewo ankayenda bwino chomwecho. Wogula akadandaula, wogulitsa ankabweza moto pomuipitsira mbiri nayenso, ndiye ambiri okhumudwa ankangomezera malovu. Mu 2007 eBay inawonjezera nyenyezi zoperekedwa popanda dzina, zomwe avereji yake imaoneka pokhapokha zikakwana khumi, ndipo mu Meyi 2008 inaletseratu ogulitsa kulemba ndemanga zoipa za ogula. Airbnb, ya nyumba zogona alendo ija, inatenga njira ina mu 2014: mlendo ndi mwini nyumba aliyense amalemba zake asanaone za mnzake, ndipo ndemanga zimatuluka onse akamaliza kulemba kapena pakadutsa masiku 14.

Koma njira zonsezo zili ndi mwini wake pakati. Kasitomala akapatsa mmodzi wa anyamata a njingawa chala choloza pansi, mnyamatayo sauzidwa kuti ndi ndani, koma kompyuta ya kampani ya maoda imadziwa dzina, tsiku ndi ola. Chinsinsi chimene ukubisira mnzako wachipereka chonse kwa bwana. Pa nkhani ya thiransipota panalibe ngakhale bwanayo. Panali anthu asanu ndi mmodzi amene anatumizapo katundu, mmodzi wofunsa, ndi ine wa makutu aatali pa kireti.

Achikulire ena a ndevu za imvi, amene anzawo amati anafika ku Joni mafoni a m'manja asanachuluke, anakhosomola.

"Basi tichite chonchi. Aliyense andinong'oneze ine malikisi ake, kuyambira ziro mpaka faifi. Ine ndiphatikiza n'kumuuza mwanayu."

Amayi a mandasi anaseka mpaka kuika supuni pansi. "Inuyo achikulire? Amene mumamwa nawo Lachisanu lililonse? Botolo lachitatu lisanathe nkhani yonse ikhala ili pa tebulo."

Achikulire sanatsutse. Anangokanda ndevu.

Pagulupo panali bambo wina wowonda, magalasi ake omangidwa ndi kawaya mbali imodzi, amene onse amangomutchula kuti Aphunzitsi chifukwa asanabwere kuno ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera. Akamadikira oda, anzake akuonera mpira pa foni, iye amakhala akuwerenga, wifi ndi ya resitilanti ya pafupi.

"Mkhalapakati safunika," anatero. "Amayi, tandibwerekani kalikuleta yanu ija."

Inali kalikuleta yaikulu ya m'sitolo, yoyendera dzuwa, mabatani ake ofufutika ndi mafuta a mandasi moti 7 ndi 1 umachita kuzindikira ndi malo. Aphunzitsi anati foni siyenera chifukwa imaonetsa zonse zomwe munthu wadina, pomwe iyi imangosunga yankho lomaliza. Anaipereka kwa mwini firiji.

"Lembapo nambala iliyonse yaikulu, usauze munthu. Ukatero undipatse. Ine ndiwonjezera malikisi anga, ndidina batani la yankho, n'kupatsira amayi. Amayi awonjezera awo, apatsira achikulire, chonchobe mpaka ibwerere kwa iwe. Ukachotsa nambala yako ija, chotsalacho ndi malikisi athu tonse pamodzi. Aliyense angoona mulu, osadziwa kuti dengu la yani linali lodzaza."

"Mwaiganiza nokha imeneyi, Aphunzitsi?"

"Ayi, nzeru zotere zinayamba kale. Mu 1982 mkulu wina dzina lake Yao anafunsa kuti mamiliyoneya awiri angadziwe bwanji wolemera kuposa mnzake popanda kuuzana chuma chawo."

"Yao? Wa ku Mangochi kapena wa ku Machinga?"

"Andrew Yao, aise. Anabadwira ku Shanghai."

"Nanga mamiliyoneyawo timawafuniranji kutali? Tikasintha marandi athu kukhala makwacha tonse pano ndife omwewo."

Kalikuleta inayamba ulendo. Aliyense ankaitembenukira kumbali, kuiphimba ndi dzanja ngati mwana wa mayeso a sitandade 8 wobisira mnzake. Inachoka kwa Aphunzitsi kupita kwa amayi, kwa achikulire, kwa mkulu wa apachibale aja, kwa wa helemeti yachikasu, kwa mng'ono, n'kubwerera kwa mwini firiji. Iye analengeza kuti yafika pa 366, ndipo yake yoyambira inali 347. Chotsala chinali 19.

"Pa 30," anatero Aphunzitsi. "Avereji yake ndi 3 ndi kachidutswa. Wakhoza, koma mokwawa."

Kwaya ija inali itaimba faifi, kalikuleta yati firii. Panali kachetechete kakafupi, kenako mkulu wa apachibale anatembenukira mng'ono wake.

"Iwe, itafika kwa iwe inali pa zingati?"

"361."

"Ine ndinaipereka ili pa 360."

Sipanafunike kalikuleta pamenepa. Maso onse anagwera pa wa helemeti yachikasu, amene anakhala pakati pa awiriwo.

"Wani? Ankolo athu wawapatsa wani?"

"Batire ya sola ya mayi anga inafika ku Balaka itang'aluka, achimwene. Ndikanapereka zingati?"

"Ukanabwera kudzatiuza ifeyo."

"Ndinakuuzani mu Malichi. Munati ankolo andiimbira. Mpaka lero ndikudikira."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kupepesa. Anati iwo ndi amene alakwa, anaiwala kuti wokupatsa ndi wokulandira akagwirizana, iwe wapakati watsala poyera. Ndinawamvera chisoni, koma dzenje limene anagweramo ndi lodziwika. Mu 2004 akatswiri atatu, Elan Pavlov, Jeffrey Rosenschein ndi Zvi Topol, analemba za vuto lenilenili: makompyuta ambiri opanda bwana pakati pawo, iliyonse ikusunga maganizo a mwini wake pa za munthu wina, angaphatikize bwanji maganizowo popanda kuulula a aliyense? Njira yawo yosavuta inali yozungulira ngati ya kalikuleta ya amayi, nambala yobisira ikuyamba ndi wofunsa, ndipo kufooka kwake ndi komweku kwa awiri ogwirizana. N'chifukwa chake sanalekere pomwepo. Anapereka ina yoti aliyense aziphwanya malikisi ake m'zidutswa.

Ndi imeneyo Aphunzitsi anaitulutsa kachiwiri, atamwa kaye tiyi wangongole. Anapempha malisiti akale, amene m'bokosi la wanjinga aliyense sasowa, n'kuyamba kung'amba timapepala.

"Tiyerekeze ine ndikufuna kupereka 4. Nditenga timapepala tisanu, ndilemba nambala zilizonse zondibwerera m'mutu: 20, 7, 31, 12, 9. Zonsezi pamodzi ndi 79. Ndagawa zochuluka kuposa zomwe ndili nazo, ndiye ndatsala ndi ngongole ya 75. Ngongoleyo ndisunga m'thumba. Timapepala tisanu tija ndigawira inu asanu, aliyense kamodzi. Inunso muchite chimodzimodzi. Pomaliza aliyense aphatikize timapepala tomwe walandira ndi ngongole yake, anene yankho mokweza. Mayankho asanu ndi limodziwo tikawaphatikiza, zabodza zonse zidyana zokha, patsala malikisi enieni."

"Nanga awa akanong'onezananso?" anafunsa wachikasu, osawayang'ana n'komwe.

"Anong'onezane mpaka mawa. Awiriwo ali ndi zidutswa ziwiri zokha zako. Kuti akugwire, afunika kuti tonse asanu tikupereke."

Amayi anati zikufanana ndi bokosi la banki m'khonde la maloko atatu, kiyi aliyense ali ndi munthu wake, losatseguka pokhapokha onse abwere. Anaigwira bwino. Adi Shamir anasindikiza njira yotchuka yogawira chinsinsi chotere mu 1979, ndipo yake imalola kuti mwa osunga zidutswa, chiwerengero chomwe mwagwirizana chikhale chokwanira kutsegula, ena atasowa. Ya timapepalayi ndi mng'ono wake wosavuta. Mtengo wake ndi ntchito: anthu asanu ndi mmodzi amafuna timapepala 30, anthu 100 angafune 9,900. Munthu angatope, kompyuta siidandaula.

Pamene ankang'amba, achikulire anafunsa ngati pali anthu enieni, a ndalama zenizeni, amene anaikhulupirirapo masamu amenewa. Aphunzitsi anatchula alimi a ku Denmark, ndipo nkhani yawo ndi yoona. Kumeneko shuga amapanga kuchokera ku mbewu ya beet, ndipo nthawi imeneyo kampani yogula mbewuyo inali imodzi yokha, Danisco. Mlimi aliyense anali ndi kontrakiti ya mlingo womwe angagulitse, ndipo panafunika msika woti alimi agulitsane makontrakitiwo. Vuto linali lakuti mtengo womwe mlimi watchula umaulula momwe thumba lake lilili, ndipo palibe amene ankafuna kuti wogula yekhayo adziwe zimenezo. Mu Januwale 2008 alimi pafupifupi 1,200 anatumiza mitengo yawo yobisika, ndipo makompyuta atatu, ya Danisco, ya bungwe la alimi ndi ya ofufuza amene anakonza njirayi, anawerengera limodzi mtengo wa msika popanda ina mwa atatuwo kuona mtengo wa mlimi aliyense. Kuwerengako kunatenga pafupifupi theka la ola, ndipo ufulu wolima wokwana matani pafupifupi 25,000 unasintha manja. Achikulire, amene kwawo ndi ku Nkhotakota, anati mlimi wa nzimbe safunika kumufotokozera kawiri za wogula mmodzi.

Kenaka anafunsa funso lomwe ine ndinkaliyembekezera kwa Aphunzitsi eni ake.

"Chabwino. Koma poti palibe akuona, nanga wina akaika 50 m'malo mwa faifi? Kapena wokwiya akaika ngongole ya 20?"

Aphunzitsi anavomera kuti pa timapepala palibe chomuletsa. Mdima womwe ukuteteza wonena zoona ndi womwewo ukubisa wakuba. Apa ndi pomwe makompyuta amatiposa. Pali masamu olola munthu kutsimikizira kuti nambala yomwe wabisa ili pakati pa 0 ndi 5 popanda kuionetsa. Mu 2017 Henry Corrigan-Gibbs ndi Dan Boneh a ku Stanford anatulutsa njira yotchedwa Prio, yomwe imaphwanya nambala m'zidutswa ngati timapepala tija n'kuphatikizapo umboni wotere, ndipo Mozilla inaiyesa pa Firefox posonkhanitsa ziwerengero za momwe anthu amagwiritsira ntchito pulogalamuyo. Pa kona ya Malibongwe umboni unali maso a amayi a mandasi basi.

Amayiwo anawonjeza lawo. "Mukadzaziika pa foni zimenezi, mudzaona. Alipo anthu pano ali ndi ma SIM khumi. Adzavota kakhumi."

Sanatchule dzina, koma mng'ono wa apachibale anayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege. Chinyengo chimenechi akatswiri amachitcha Sybil, kuyambira pa zomwe John Douceur wa ku Microsoft analemba mu 2002: munthu mmodzi kudzisandutsa khamu. Douceur anaonetsa kuti popanda wina wodalirika wotsimikizira kuti uyu ndi ndani, chinyengochi n'chovuta kwambiri kuchitseka. Ndiye bwana uja tinamuthamangitsa pakhomo amabwereranso pa zenera, atanyamula kaundula. Ine ndikuona kuti pa mfundo iyi yokha kona ya msewu imaposa intaneti. Anthu asanu ndi mmodzi aja amadziwana nkhope, kwawo, ngakhale katundu yemwe aliyense anatumiza. Chomwe amasowa ndi pobisalira ponena zoona, osati kaundula.

Chinanso chomwe palibe anachitchula, koma chimavutitsa anyamata omwewa tsiku ndi tsiku: malikisi akamatuluka limodzilimodzi, chinsinsi palibe. Wanjinga amene wapereka oda imodzi masana onse, madzulo n'kuona malikisi ake atatsika, safuna wombeza kuti adziwe geti lomwe zachokera. Lamulo la eBay lodikira kuti nyenyezi zikwane khumi linabwera chifukwa cha zomwezi. Anthu asanu ndi mmodzi ndi ochepa, ndipo kuwafunsa funso limodzi kawiri masana amodzi n'koopsa koposa, chifukwa mayankho awiri ukawaika pamodzi amayamba kulankhula.

Kugawana timapepala kunatenga nthawi. Foni ya achikulire inalira, oda ya nkhuku yopita ku Ferndale, iwo anaikana, zomwe wanjinga sachita mwachibwana. Mphepo inaulutsa kapepala kamodzi, mwini firiji anakathamangira mpaka pansi pa galimoto yoima. Mkulu wa apachibale analemba zake atatembenukira khoma, mng'ono wake anapita kukalembera kuseri kwa bokosi la njinga. Asanayambe kuwerenga, mkuluyo analengeza kuti aliyense amve.

"Ife sitisintha. Faifi ndi faifi. Magazi ndi magazi."

"Faifi," anavomereza mng'onoyo.

Wachikasu anati iye alibenso chobisa, wani wake ndi yemwe uja. Amayi anati awo sanasinthe. Achikulire ndi Aphunzitsi anatinso chimodzimodzi.

Kalikuleta inazungulira kuti aliyense aphatikize zake, kenaka inakhazikika m'manja mwa mwini firiji. Aphunzitsi anati 41. Amayi anati ngongole ya 18. Achikulire anati 6. Mkulu anati ngongole ya 52. Wachikasu anati 27. Mng'ono anati 5. Mnyamatayo anadina pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, n'kubwereza kachiwiri kuti atsimikize. Anatembenuza kalikuleta kuti onse aone.

Inali pa 9.

Palibe anaseka. Achikulire anawerenga zala zawo mosabisa. Amayi anabwerera ku tiyi wawo wotakasa kale. Mkulu anayang'ana mng'ono wake, mng'ono anayang'ana mkulu wake, ndipo aliyense ankaoneka ngati munthu amene anadalira kuti mnzake ndiye anyamula mtolo.

"Wina wabera," anatero mkuluyo, koma mawu ake analibe mphamvu.

"N'zotheka," anayankha Aphunzitsi, akupukuta magalasi. "Pa timapepala sindingakutsutse."

Mwini firiji anapinda lisiti la firiji yake n'kulibweza m'thumba la jekete. Anafunsa wachikasu, chapansipansi, ngati akudziwa wa basi wina wodutsa pa Dedza. Mafoni awiri analira nthawi imodzi. Mkulu analiza njinga kulowera cha ku Northriding, mng'ono cha ku Ferndale, osatsanzikana.

Wosoka nsapato anandikodola kuti yanga yatha. Ndikulipira tiyi, ndinawerengera ndekha pa kalikuleta ya amayi ija: kuchoka pa 19 kufika pa 9 pasowa 10 ndendende.